Flood, zone kapena munthu ndi munthu: njira zotchingira mu AFL ndi mtengo umene zimalipiritsa kutsogolo

Anzanga amene timaonera nawo mpira wa AFL, ligi yaikulu ya mpira wa malamulo a ku Australia umene umaseweredwa ndi manja ndi mapazi, akhala akundifunsa mobwerezabwereza chifukwa chimene ndimakwiyira ndikaona timu itabweza osewera ake onse kumbuyo, chonsecho ine ndimachemerera St Kilda, timu imene m'zaka za 2009 ndi 2010 inatchuka ndi kutchinga kuposa ina iliyonse mu ligi. Funso lawo ndi lomveka, koma mpira uli mkati sipakhala mpata woliyankha mokwanira, choncho ndaganiza zoyerekeza pano njira zimene ochemerera timakangana za izo chaka ndi chaka: kugwirana munthu ndi munthu, kudzaza kumbuyo kumene amati flood, ndi kutchinga malo m'malo mwa munthu, kumene kunayamba ngati zone n'kukula kukhala press. Ndinene poyambirira kuti muyeso wanga waukulu ndi umodzi. Njira iliyonse yotchingira ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo timu imakaulipira kutsogolo, pa zigoli zimene iyo yomwe imalephera kumwetsa tsiku la fainolo.

Njira yakale ndi ya munthu ndi munthu. Wosewera aliyense amapatsidwa wake woti amugwire, ndipo kumene ameneyo wapita nayenso amapita komweko mpaka mpira utatha. M'nthawi imene njirayi inali pachimake, anthu ankapita ku bwalo kukaona anthu awiri okha akulimbana pafupi ndi golo, monga Stephen Silvagni wa Carlton akamayesa kutseka Tony Lockett, amene anapuma mpira atamwetsa zigoli 1,360, chiwerengero chimene palibe wachipitirira mpaka lero. Ubwino wa njirayi ndi wakuti cholakwa chimakhala ndi mwini wake, moti wotchinga akamwetsedwa zigoli 8 sangaloze mnzake chala. Kuipa kwake nakonso n'koonekeratu, chifukwa timu ikakumana ndi womwetsa zigoli amene palibe angamugwire payekha, kochi amangoonerera nyumba ikupsa. Za tagger, wosewera amene ntchito yake ndi kukakamira katswiri wa pakati wa timu inayo monga ankachitira Cameron Ling ndi Ryan Crowley, ndingoti ndi nthambi ya njira yomweyi ndipo ndilibe nayo mlandu.

Amene amati munthu ndi munthu ndi mpira wa makedzana amaiwala Sydney ya kochi Paul Roos. Mu 2005 timuyo inkagwira munthu aliyense molimba ndi kuchulukitsa malo oimitsa mpira, mpaka mkulu wa AFL wa nthawi imeneyo, Andrew Demetriou, anadzudzula poyera kaseweredwe kake kuti n'kosasangalatsa. Chaka chomwecho Sydney inagonjetsa West Coast mu fainolo ndi mapointi 58 kwa 54 (chigoli chimodzi chimakhala mapointi 6), Leo Barry wa Sydney atawakha mpira pakati pa gulu m'masekondi omaliza, ndipo chikho chimenecho chinali choyamba cha kalabuyo kuchokera mu 1933 pamene inkatchedwa South Melbourne. Komabe mapointi 58 ndi ochepa kwambiri, ndipo chaka chotsatira matimu omwewo atakumananso, Sydney inagonja ndi pointi imodzi yokha, 85 kwa 84. Timu imene imasewera motero imasiya chikho chonse m'manja mwa mpira umodzi womaliza, ndipo mfundo imeneyi ndibwereranso nayo.

Flood ndiyo njira imene sindiikonda ngakhale pang'ono. Dzina la Rodney Eade ndi limene limatchulidwa kawirikawiri pa chiyambi chake, pamene ankaphunzitsa Sydney kuyambira mu 1996 pa bwalo lalifupi la SCG mumzinda wa Sydney, pomwe kubweza osewera a pakati kukadzaza mkati mwa mzere wa mamita 50 wozungulira golo kunali kosavuta. Oikira kumbuyo njirayi ali ndi umboni umodzi umene sautaya. Mu 2000 Essendon inali itapambana masewero 20 otsatizana pamene inakumana ndi Western Bulldogs ya Terry Wallace mu ndime ya 21. Wallace anabweza pafupifupi timu yonse kumbuyo, Essendon inasowa pomenyera mpira, ndipo Bulldogs inapambana ndi mapointi 11. Essendon sinagonjenso masewero ena aliwonse chaka chimenecho, ndipo inatenga chikho. Ndimavomereza kuti tsiku limenelo flood inagwira ntchito, koma inali msampha wa tsiku limodzi wotchera timu yoposa mphamvu, ndipo msampha wotere sungakhale chakudya cha sabata ndi sabata. Mukalanda mpira kumbuyo osewera anu onse ali komweko, mumakweza maso n'kupeza kutsogolo kulibe womupatsa, kenaka mumayamba kumenyerana mpira cham'mbali podikira kuti anzanu athamange mamita 100 kubwerera m'malo awo. Woonerera amene walipira pa chipata amaona anthu oposa 30 ataunjikana mbali imodzi ya bwalo, mbali inayo udzu wokhawokha.

Zone ya Alastair Clarkson, kochi wa Hawthorn nthawi imeneyo, inali yanzeru kuposa pamenepo. M'malo mounjikana pafupi ndi golo, osewera a Hawthorn ankaima motalikirana ngati ukonde, ndipo ukondewo unkasuntha wonse pamodzi kutsatira kumene mpira uli, wosewera aliyense akuyang'anira malo ake osati munthu wake. Mu fainolo ya 2008 anagonjetsa nayo Geelong, imene inali itagonja kamodzi kokha mu sizoni yonse, ndi mapointi 115 kwa 89. Geelong inamwetsa zigoli 11 ndi ma behind 23 (behind ndi pointi imodzi, imene imapezeka mpira ukadutsa cham'mbali mwa golo kapena ukalowetsedwa ndi wotchinga), ndipo 11 mwa ma behind amenewo anachita kulowetsa okha a Hawthorn pothawa ngozi, zimene zinachititsa kuti chaka chotsatira AFL ikhazikitse chilango kwa wolowetsa mpira mwadala pa golo lake. Chimene ambiri sachitchula pokamba za zone ya 2008 ndi chakuti kutsogolo kwa Hawthorn kunali Lance Franklin, amene chaka chimenecho anamwetsa zigoli zoposa 100, ndipo chiyambire pamenepo palibe wina amene wafikaponso. Ukonde unkagwira mpira, koma panali munthu woti aulandire ndi kuusandutsa mapointi 6.

Tsopano ndifike pamene pamandiwawa. Mu 2009 Ross Lyon, akuphunzitsa St Kilda, anatenga ganizo la ukonde lomwelo n'kulikankhira kutsogolo. St Kilda ikalowetsa mpira m'dera la adani, timu yonse inkakwera n'kutsekera mpirawo komweko, omwetsa zigoli akuthamangitsa otchinga a timu inayo, otchinga athu ataima pakati pa bwalo kudikira mpira wongomenya mothawa. Sindinaonepo kutchinga kokongola ngati kumeneko. Timuyo inapambana masewero 19 oyambirira motsatizana, inamaliza sizoni itapambana 20 mwa 22, ndipo adani onse pamodzi anangoimwetsa mapointi 1,411, omwe ndi pafupifupi 64 pa masewero alionse. Mu ndime ya 14 inakumana ndi Geelong matimu onse awiri asanagonjepo, ndipo inapambana ndi chigoli chimodzi cha Michael Gardiner chakumapeto. Ine, monga ochemerera ena onse a kalabu imene ili ndi chikho chimodzi chokha, cha mu 1966, chimene inachipeza ndi pointi imodzi, ndinakhulupirira kuti kudikira kwatha.

Pa 26 September 2009, mu fainolo ya pa bwalo la MCG ku Melbourne, pokumana ndi Geelong, St Kilda inali patsogolo pa mapeto a chigawo choyamba, chachiwiri ndi chachitatu. M'chigawo chomaliza sinamwetse chigoli ngakhale chimodzi. Matthew Scarlett wa Geelong anagunda mpira ndi chala cha phazi pakati pa bwalo, mpira unafika kwa mnzake Paul Chapman amene anamwetsa chigoli, ndipo Geelong inapambana ndi mapointi 80 kwa 68. Kutchinga kunachita zonse zimene kunalonjeza, pakuti kuigwira Geelong ya nthawi imeneyo pa zigoli 12 sinali ntchito yamasewera, koma ife tinangomwetsa zigoli 9 ndi ma behind 14. Chaka chotsatira tinafikanso mu fainolo n'kufanana mphamvu ndi Collingwood pa mapointi 68, mpira wa Lenny Hayes wathu utanjanja molakwika patsogolo pa mnzake Stephen Milne m'mphindi zomaliza, ndipo titabwereza masewerowo sabata yotsatira tinagonja 108 kwa 52. Lyon atapita ku Fremantle anafikitsanso timu mu fainolo ya 2013, ndipo inagonja kwa Hawthorn 77 kwa 62. Mafainolo anayi, zigoli 9, 10, 7 ndi 8. Palibe tsiku limene timu yake inafika mapointi 70.

Anzanga ena amati ndikuweruza mopanda chilungamo, chifukwa mu 2009 kunagwa mvula, osewera anaphonya zigoli zapafupi zimene tsiku lina akanamwetsa, ndipo mu 2010 mpira ukananjanja mbali ina nkhani ikanakhala ina. Zonsezi n'zoona, ndipo sindikuloza chala munthu aliyense, kaya kochi kaya wosewera, chifukwa anthu amenewo anatipatsa zaka ziwiri zimene sindidzaziiwala. Chimene ndimachiimba mlandu ndi njirayo. Press yotere imafuna kuti womwetsa zigoli athamange ngati wa pakati, ndipo aliyense amene anaonera Nick Riewoldt wa St Kilda amakumbukira momwe ankathamangira kuchoka kutsogolo kufika m'mbali mwa bwalo n'kubwereranso, kenaka n'kuima kuti amenye mpira wa pa golo akupuma mwawefuwefu. Komanso mukatsekera mpira m'dera la adani, mumatsekeramo ndi adaniwo, moti malo amachepa, mpira umalowa mobwerezabwereza koma umagwera pa gulu, ndipo mwayi umene umapezeka ndi wa pa ngodya kapena womenya mopanikizika. Mu sizoni, pokumana ndi matimu ofooka, kuchuluka kwa mwayi kumabisa vutoli. Mu fainolo mdani amakhala wodziwa kupirira, masewero amafika m'mphindi khumi zomaliza kusiyana kuli kochepa, ndipo pamenepo tsoka laling'ono, ngati kunjanja kwa mpira wosazungulira uja, limakhala ndi mphamvu yolanda chikho. Timu yomwetsa mapointi 100 imatha kupirira tsoka limodzi kapena awiri, pamene timu ya mapointi 68 siingathe.

Chimene chinanditsimikizira kuti vuto silinali kupanikiza pakokha ndi Richmond ya Damien Hardwick mu 2017. Nayonso inkapanikiza kutsogolo mwaukali, koma inamanga mzere wake wakutsogolo mosiyana, ndi wamtali mmodzi, Jack Riewoldt, atazunguliridwa ndi achinyamata aliwiro monga Daniel Rioli, Jason Castagna ndi Dan Butler. Akalanda mpira sankaubweza kuti akonzenso ukonde. Ankaukankhira kutsogolo mwa njira iliyonse, ndi dzanja, ndi phazi, ngakhale pansi, adani asanabwerere m'malo awo, ndipo kumbuyo Alex Rance ankatha kugwira munthu wake komanso kumusiya kuti akathandize mnzake. Mu fainolo anagonjetsa Adelaide 108 kwa 60, chikho chawo choyamba kuchokera mu 1980, ndipo anatenganso cha 2019 ndi cha 2020. Mu 2019 anaigwira timu ya Greater Western Sydney (GWS) mu fainolo pa zigoli 3 zokha iwo atamwetsa 17. Kwa iwo kulanda mpira kunali chiyambi cha chigoli, ndipo kusiyana kwawo ndi timu yanga ya 2009 kuli pomwepo, ngakhale kuti kunena zimenezi za kalabu ina kumandilemera.

Za malamulo sindichedwapo. Lamulo la 6-6-6 la mu 2019, lokakamiza timu kuika osewera asanu ndi mmodzi kumbuyo, pakati ndi kutsogolo mpira ukamayambira pakati, limagwira ntchito masekondi ochepa okha, kenaka aliyense amapita kumene kochi wamutuma. Lamulo la mu 2021 loti mdani woima pa mark, malo amene wosewera wawakhira mpira, asasunthe, pamodzi ndi kuchepetsa kusinthana kwa osewera kufika pa maulendo 75 pa masewero, zinathandizako kuti mpira uziyenda, koma palibe lamulo limene lingaletse kochi wamantha kubweza anthu kumbuyo.

Anzanga akandifunsanso, yankho langa lidzakhala ili. Flood ndimaiika pansi pa zonse, ndipo ndingaivomereze kwa mphindi zisanu zomaliza zokha, timu ikamateteza chigoli chimodzi. Munthu ndi munthu ndi njira imene mtima wanga umaikondabe, ndipo ndimafuna kuti otchinga awiri akuluakulu a timu iliyonse azigwira anthu awo ndi kuyankhapo okha akamwetsedwa, ngakhale ndikudziwa kuti pa bwalo lonse siingathenso kupirira liwiro la mpira wa masiku ano. Ndimasankha press, koma yokhayo imene imasiya anthu awiri kapena atatu pafupi ndi golo ndi kuwatumizira mpira mwamsanga. Masiku ano ndikamaonera St Kilda sindiwerenganso mapointi amene adani atimwetsa. Wotchinga wathu akangolanda mpira, maso anga amathamangira mkati mwa mzere wa mamita 50 wakutsogolo kukawerenga malaya ofiira, oyera ndi akuda amene alimo, ndipo ndikapeza mulibe aliyense ndimakumbukira chigawo chomaliza cha pa 26 September 2009.