Netflix kwa okonda ma superhero: samalani bandulo, samalaninso ana

Amene akufuna kulipira Netflix chifukwa cha mafilimu a Marvel ayambe wadziwa kuti ambiri sali kumeneko. Marvel ndi ya Disney, ndipo Disney imasunga katundu wake ku Disney+, yomwe idafika ku South Africa mu May 2022. Ngakhale Daredevil, Jessica Jones ndi Luke Cage, zomwe zidayambira pa Netflix pomwepo kuchokera mu 2015, zidachotsedwa mu March 2022. Mukalowa n'cholinga chofuna Avengers, mudzangodandaula ndalama zanu.

Koma zilipo zake za Netflix, ndipo zina n'zabwino ndithu. Ya ana yomwe ndingaike patsogolo ndi Supa Team 4, katuni ya 2023 yomwe adayambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia. Ndi atsikana anayi apasukulu omwe akuteteza Lusaka wam'tsogolo, ndipo mwana wa ku Chipata kapena ku Mchinji amaonamo nkhope, tsitsi ndi misika zofanana ndi zakwawo. Ya akuluakulu ndi Supacell ya 2024, yonena za anthu akuda a kumwera kwa London omwe mphamvu zawo zikukhudzana ndi matenda a sickle cell. Iyi ili ndi mipeni, magazi ndi mankhwala ozunguza bongo, si yoonera ndi ana. Chokhumudwitsa n'chakuti Netflix simachedwa kudula nkhani panjira: Jupiter's Legacy idathera pa sizoni imodzi mu 2021, owonera n'kutsala m'malere. Mawu olembedwa m'munsi m'Chichewa palibenso, choncho agogo amafunika wina wowamasulira.

Mapulani alipo anayi. Mobile ndi ya foni kapena tabuleti imodzi, chithunzi cha 480p, ndipo pa TV sigwira. Basic imapereka 720p pa chipangizo chimodzi, Standard 1080p pa ziwiri nthawi imodzi, Premium 4K pa zinayi. Kulipira kumafuna khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kugula zinthu zakunja pa intaneti. Khadi likakanidwa ndalama zilimo, funsani kubanki ngati lidatsegulidwa kulipira kunja komanso ngati simunapyole malire omwe amaika pa ndalama zakunja. Kwa amene amadalira bandulo, Premium n'kutaya ndalama: 4K imafuna liwiro la 15 Mbps losatsikatsika, pomwe 720p imakhutira ndi 3 Mbps.

Nkhani yaikulu ili pa data. Malinga ndi Netflix yomwe, pa milingo ya chithunzi imene mungasankhe, Low imadya pafupifupi 0.3 GB pa ola, Medium 0.7 GB, High mpaka 3 GB, ndipo 4K mpaka 7 GB. Filimu ya maola awiri pa High ndi 6 GB, pa Medium ndi 1.4 GB basi. Kuti musinthe, lowani mu Account pa browser, sankhani profile (gawo la munthu aliyense pa akaunti), tsegulani Playback settings, ikani Medium. Chitani izi pa profile iliyonse payokhapayokha, chifukwa kusintha yanu sikukhudza ya mwana. Pomwepo zimitsaninso autoplay ya ma preview, ija imayamba kuonetsa zidutswa inu mukungofufuza.

Mu app ya pafoni muli Save Data pansi pa Cellular Data Usage, yomwe imakupatsani pafupifupi maola 6 pa 1 GB. Msampha wake ndi uwu: imagwira pokhapokha foniyo ikugwiritsa data ya SIM yake. Mukalumikiza TV kapena laputopu ku hotspot kapena MiFi, Netflix imaona ngati ndi Wi-Fi yopanda malire ndipo, ngati simunachepetse mu Playback settings, imakoka chithunzi chapamwamba mmene netiweki ingalolere. Ndi mmene bandulo ya mwezi imathera pa Loweruka limodzi. Smart Downloads nayonso imatsitsa yokha episodi yotsatira ikangoona Wi-Fi, ndiye pa MiFi izimitseni.

Low musaikhulupirire pa mafilimu a ma superhero. Ambiri amajambulidwa mumdima, muli utsi, moto ndi kuthamanga, ndipo izi n'zomwe zimayamba kuwonongeka chithunzi chikapanikizidwa. Ndewu ya usiku imasanduka timabokosi takuda, osadziwa kuti wamenya ndani. Katuni ngati Supa Team 4 imapirira Low chifukwa mitundu yake ndi yowala. Njira yabwino ndi kutsitsa pafoni pa Standard quality (mlingo wa zotsitsa, osati pulani ya Standard) nthawi ya bandulo yausiku, n'kudzaonera magetsi akazima. Dziwani kuti zina zotsitsa zimatha ntchito pakapita maola 48 mutayamba kuonera.

Tsopano za ana, zomwe kwa ine n'zofunika kuposa data. Kunyumba zambiri chilichonse chokhala ndi munthu wovala chigoba chimatengedwa ngati cha ana, ndipo remote imasiyidwa pa profile ya bambo. Pa profile imeneyo, pafupi ndi katuni pamakhala nkhani zolemera. Paddleton ya 2019 imaoneka ngati sewero loseketsa la anansi awiri, koma ndi nkhani ya bambo wodwala khansa yosachiritsika yemwe akupempha mnzake kuti akhale naye pomwe akufupikitsa moyo wake ndi chilolezo cha madokotala. Ku America zigawo zina zimalola zimenezi, Oregon kuyambira 1997, pomwe ku Malawi kuthandiza munthu kudzipha ndi mlandu. Filimuyo idapangidwa mwaulemu, ndipo wamkulu amene adadwazikapo m'bale wake idzamukhudza mtima, koma si yoti mnyamata wa Fomu 1 aipeze yekha pakati pa usiku. Netflix yomwe idachotsa chithunzi cha kudzipha mu sewero lake la achinyamata la 13 Reasons Why mu 2019, patapita zaka ziwiri akatswiri a zaumoyo akudandaula.

Zida zotetezera zilipo ndipo zimagwira bwino, kungoti zidabisika. Akaunti imodzi imalola ma profile asanu. Mpangireni mwana yake, ndipo ngati ali ndi zaka 12 kapena kucheperapo, chongani kuti ndi ya ana. Kwa wamkulupo, lowani mu Viewing Restrictions, lembani password, sankhani msinkhu monga 13+, ndipo m'bokosi la Title Restrictions lembani dzina la filimu iliyonse yomwe simukufuna kuti aione. Ambiri amalekera pamenepa, n'kuiwala kuti mwana amangodina chithunzi cha profile ya mayi ake n'kulowa. Ikani Profile Lock, PIN ya manambala anayi, pa profile ya wamkulu aliyense, ndipo chongani kuti PIN ifunikenso popanga profile yatsopano, apo ayi adzangodzipangira ina yopanda malire. Viewing activity imaonetsa zomwe zaonedwa pa profile iliyonse. Mukapeza kuti mwana wakhala akufunafuna nkhani za imfa ndi kudzipha, musayambe ndi kukalipa kapena kulanda foni. Khalani naye pansi mumufunse mmene akumvera, ndipo ngati akuoneka wolemedwa mumtima, pitani naye kuchipatala akaonane ndi aphungu.

Kwa banja la TV imodzi ndi MiFi, Basic yoikidwa pa Medium, yokhala ndi PIN pa ma profile a akuluakulu, ndi yokwanira.