Kolonosikopi ikakanika kufika kumapeto: kapisozi ka kamera, CT, kapena kungobwereza?

Adokotala akakuuzani kuti kolonosikopi yanu (kuyeza koona mkati mwa thumbo lalikulu ndi paipi ya kamera yolowetsa kumbuyo) sinathe sikuti nthawi zonse apeza choopsa ayi, chachitika nchakuti paipi ya kamera ija sinafike kumapeto kwa thumbo lalikulu, kumanja m'munsi mwa mimba komwe limakumana ndi thumbo laling'ono. Nde mbali ina yatsala osaonedwa, ndipo mbali imeneyo siyongoisiya poti khansa komanso tizotupa tija amati ma polyp timamera kumenekonso. Njira zoti muone mbali yotsalayo zilipo zitatu, kumeza kapisozi ka kamera, kupanga sikani ya CT ya matumbo (kujambula mkati mwa thupi ndi makina a X-ray), kapena kubwereza kolonosikopi yomweyo. Koma abale musanasankhe funsani kaye funso limodzi ili, inakanika chifukwa chani? Yankho lake ndi lomwe likuuzeni kopita.

Ndiyambe ndi kapisozi poti ndi komwe anthu ambiri amakopeka nako. Kodziwika kwambiri ndi PillCam Colon 2, kanapangidwa ndi kampani ya ku Israel ya Given Imaging ndipo ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linakavomereza mu 2014 makamaka kwa anthu omwe kolonosikopi yawo sinathe. Kutalika kwake ndi mamilimita pafupifupi 32, kunenepa pafupifupi 12, kali ndi kamera mbali zonse ziwiri ndipo kamajambula zithunzi 4 pa sekondi kakamayenda pang'onopang'ono, mpaka 35 kakamathamanga. Mumameza ndi madzi, amakumangirirani kachipangizo kolandira zithunzi pathupi, batire limagwira maola ngati 10, kenako kamatuluka ndi chimbudzi basi. Palibe kukugonetsani, palibe kukupopani mpweya m'mimba, palibe ma radiation. Kwa munthu yemwe thumbo lake ndi lalitali lopindikapindika, kapena mayi yemwe anachotsedwapo chiberekero matumbo nkumatirirana mkati moti paipi ikamapita ululu wake osapiririka, njira imeneyi ndi yabwino zedi chifukwa kapisozi sikakankhidwa, kamangotsata momwe thumbo likuyendera.

Koma chomwe ambiri sauzidwa ndi kukonzekera kwake. Nkovuta kuposa kwa kolonosikopi. Mumamwa mankhwala otsuka m'mimba ochuluka, nthawi zambiri malita 4 ogawa usiku ndi m'mawa, ndipo mukameza kapisoziko simunathe, pali mankhwala ena owonjezera oti mumwe kuti kakankhike kafike kumapeto batire lisanathe, pena mpaka wolowetsa kumbuyo. Chifukwa chake nchakuti kapisozi sikangatsuke kapena kuyamwa zonyansa ngati momwe paipi imachitira, pomwe pada pada basi, kangodutsa osaona kanthu. Nde ngati kolonosikopi yanu inakanika chifukwa m'mimba simunayere bwino, ine sindikuona nzeru yothamangira kapisozi, vuto lomwelo likakupezani konko, mwinanso moipirapo.

Choopsa chenicheni ndi ichi. Ngati paipi inaima chifukwa thumbo lapanikiza penapake, kaya ndi chotupa, kaya zipsera za matenda otupitsa matumbo a Crohn, kaya diverticular disease (matenda a timatumba totuluka pakhoma la thumbo) yachepetsa njira, kapisozi kakhoza kukakamira pomwepo osatuluka, ndipo pena zimafika pokachotsa ndi opaleshoni. Kuli kapisozi kena koyesera njira kamene kamayamba kusungunuka kokha pakapita maola ngati 30, madokotala amakagwiritsa ntchito akamakayika, komabe pamene kupanikizako kwaoneka kale ndi maso ine ndinganene kuti CT ndiyo njira. Komanso musalowe mu MRI (sikani ya maginito amphamvu) musanatsimikize kuti kapisozi katuluka, ndipo ngati muli ndi vuto la kumeza kapena pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda) nenani pachiyambi pomwe.

Sikani ya CT ya matumbo imathamanga. Amalowetsa kapaipi kakang'ono kumbuyo, amapopa mpweya wa carbon dioxide kuti thumbo lifufume, mumagona chagada kenako chafufumimba kapena cham'mbali, mphindi 10 mpaka 15 mwamaliza. Kufufumako kumasautsa ndithu koma sikuchedwa kutha. Ubwino wake waukulu imaona kuseri kwa malo opanikizawo komwe paipi yalephera kudutsa, ndipo imaonetsanso zakunja kwa thumbo monga chiwindi ndi impso, zomwe zimathandiza kwambiri ngati akukayikira khansa, ngakhale nthawi zina imatulutsa tinthu topanda vuto timene timangomupatsa munthu nkhawa ndi ma sikani ena owonjezera. Malangizo a akatswiri a ku Europe a 2020 amaika CT patsogolo kolonosikopi ikakanika, makamaka tsiku lomwelo kapena mawa lake kuti musamwenso mankhwala otsuka onse aja kachiwiri, pokhapokha ngati anadula polyp yaikulu, pamenepo amadikira kaye kuti pachire. Kapisozi amati kaganiziridwe pomwe pali anthu odziwa kuwerenga zithunzi zake.

Kufooka kwa CT kuli pa tizotupa tating'ono ndi tophwatalala tomata pakhoma la thumbo, ndipo totereti timapezeka kwambiri mbali ya kumanja, komwe kunatsala kuja. Apa kapisozi kamapambana chifukwa kamaona khoma lenileni ndi mtundu wake. Kafukufuku wa ku Italy wa 2015 pa anthu 100 omwe kolonosikopi yawo sinathe anapeza kuti kapisozi kanaona ma polyp a mamilimita 6 kupita m'mwamba mwa anthu ochuluka pafupifupi kawiri kuposa CT. Zimenezi sizochepa ayi. Pa zotupa zikuluzikulu njira ziwirizi zimachita bwino zonse.

Tsono chomwe chimandikhudza nchakuti njira yachitatu anthu amaithawa chifukwa cha zomwe anamva ulendo woyamba. Ndikumvetsa, ululu uja suiwalika. Koma kapisozi ngakhale CT, zonse ziwiri zimangoona, sizingadule polyp, sizingatenge kanyama kokayeza ku labu. Zikapeza kanthu mubwereranso ku kolonosikopi yomweyo, nkutsukanso m'mimba. Pomwe kubwereza ndi dokotala wozolowera matumbo ovuta, paipi yowonda ngati ya ana, kudzaza madzi m'malo mwa mpweya, kukutembenuzani kagonedwe, kapena kukugonetsani tulo teniteni ndi mankhwala a propofol, nthawi zambiri kumafika kumapeto, ndipo chomwe chapezeka chimachotsedwa pomwepo. Ngati anaona kale ma polyp mbali yomwe anafika, kapena m'banja mwanu muli khansa ya m'matumbo, mwayi woti kutsogoloko kulinso ena ndi waukulu, nde bwanji osangobwereza?

Za barium enema zija zakale, zojambula X-ray atalowetsa mankhwala a barium kumbuyo, musavutike nazo, zimaphonya zambiri ndipo pomwe CT ilipo sizilimbikitsidwanso.

Chomwe ndingakupempheni, tengani lipoti la kolonosikopi yanu muwerenge pomwe alemba kuti paipi inafika pati ndipo inaimiranji, mupite nalo kwa adokotala mukambirane. Ndipo ngati mukutaya magazi ndi chimbudzi, mukuonda osadziwa chifukwa kapena magazi akuchepa m'thupi, musalole kuti padutse miyezi mbali yotsalayo isanaonedwe, kaya ndi njira iti mwa zitatuzi.