Ndemanga: kukonzetsa malo oothera moto a mwala wa mabo, nyenyezi 4 pa 5

Ntchitoyi inachitika m'nyumba yakale ya kumudzi ku Derbyshire, ku England. Malo oothera motowo ndi a mtundu umene Robert Adam, katswiri wakale wojambula mapulani a nyumba, ankajambula, ngati a m'nyumba yaikulu yakale ya Kedleston Hall: mizati iwiri ya mabo oyera a ku Carrara, timizere ta mabo achikasu a ku Siena (malo onsewa ali ku Italy), ndipo pakati pali chosema cha mtsuko ndi nkhata za masamba.

Mwalawo unali ndi ming'alu iwiri komanso madontho ofiirira. Amisiri a kampani imene inagwira ntchitoyi sanathamangire kumata. Anaona kuti gwero lake ndi zitsulo zimene omanga akale anazika kuseri kuti zigwire mwala kukhoma. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa, n'kung'amba mwala kuchokera m'kati. Choncho anaphwasula zonse, chidutswa chilichonse n'kuchilemba nambala, anazula zitsulo zakalezo n'kuika zosachita dzimbiri. Pomanganso anagwiritsa ntchito pulasitala wa Paris (ufa woyera womatira umene umauma ukasakanizidwa ndi madzi), osati simenti. Apa m'pamene mmisiri weniweni amadziwikira, chifukwa simenti imagwira kwambiri moti wodzakonza m'tsogolo sangaichotse osaswa mwala.

Mwaye anauchotsa pomata dongo lonyowa, n'kuliphimba ndi pulasitiki kwa maola 24 mpaka 48 kuti likoke dothi, kangapo konse, kenaka anapaka phula lopukutira (wax) pang'ono. Mwala sunayere mbee ngati watsopano, ndipo n'zoyenera kutero. Musayerekeze kupukuta ndi viniga kapena mandimu, asidi amadya mabo.

Nyenyezi imodzi yachoka chifukwa cha utsi. Anaiwala kuyeza kukamwa kwa malo a moto poyerekeza ndi chumuni, pomwe kukamwako sikuyenera kuposa kukula kwa njira ya utsi ka 8 mpaka 10. Moto utayatsidwa, utsi unkabwerera m'chipinda n'kudetsa chosema chomwe chinali chitangotsukidwacho. Anabwera kudzakonza potsata njira imene katswiri wa sayansi Count Rumford anafotokoza mu 1796: kupendeketsa makoma a m'mbali ndi kuchepetsa khosi la chumuni kufika masentimita 10. Utsi unasiya, koma analipiritsa padera.

Ngati nyumba yanu ili pa mndandanda wa nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo ku England, pezani chilolezo ku khonsolo musanaphwasule chilichonse. Kampaniyi sikuchitirani zimenezo, ndipo yankho limatenga milungu ingapo.