Baseball kapena softball: mwana alembetse kuti mu Little League?

Ku America, masewera asanayambe cha mu Malichi kapena Epulo, chisanu chikatha, makolo amalembetsa ana mu Little League, ligi ya m'madera yomwe Carl Stotz anayambitsa ku Williamsport, Pennsylvania, mu 1939. Softball analowamo mu 1974, chaka chomwe atsikana analoledwanso kusewera baseball.

Kusiyana kwenikweni kuli pa dzanja la woponya. Mu baseball mpira ndi waung'ono, pafupifupi masentimita 23 kuzungulira, ndipo mwana wa zaka 11 kapena 12 amauponya modutsa pamwamba pa phewa, ataima pa kachulu, mamita 14 kuchokera kwa womenya. Kaponyedwe kameneka kamapweteka chigongono, n'chifukwa chake ligi imawerenga mpira uliwonse: asapitirire 85 patsiku, ndipo akafika 66 apume masiku anayi. Lamuloli ndimaligwirizana nalo kwambiri, pakuti mwana sanena kuti mkono wauma akaona anzake akumudalira.

Mu softball mpira wa ana a msinkhu womwewo ndi waukulu, masentimita 30 kuzungulira, ndipo dzinali, lomwe limatanthauza mpira wofewa, lisakunamizeni, ukakugunda pa msongolo umamva. Woponya amazunguza mkono n'kuutulutsira m'munsi, pamalo athyathyathya, mamita 12 okha. Womenya amakhala ndi kanthawi kochepa koganiza.

Kwa mwana wamanyazi amene akungoyamba, ine ndingasankhe softball, chifukwa mpira waukulu wachikasu amauona msanga n'kuugwira bwino m'gulovu. Wolakalaka mpikisano wa mu Ogasiti ku Williamsport, kumene mtsikana woponya mpira, Mo'ne Davis, anadabwitsa anthu mu 2014, apite ku baseball.