Ebru ya ku Turkey kapena suminagashi ya ku Japan: muyambe ndi iti?

Maluso onse awiriwa ndi ojambula pamwamba pa madzi, kenako n'kuyalapo pepala kuti litenge chithunzicho. Kusiyana kwagona pa madziwo.

Pa ebru, madzi amawalimbitsa ndi kitre, utomoni wa chitsamba cha geven, womwe amauviika masiku angapo n'kuusefa mpaka madziwo ayambe kunanda ngati therere. Utoto wake ndi wa dothi, wosakaniza ndi ndulu ya ng'ombe kuti uyandame. Ndulu ikachepa utoto umamira, ikachuluka umamwazika n'kuzilala, ndipo apa ndi pomwe ophunzira amagwira njakata. Amauwaza ndi bulashi ya ubweya wa hatchi womangirira ku kamtengo ka rozi, kenako amaukoka ndi kachitsulo kosongoka. Umu ndi mmene Necmeddin Okyay, katswiri wa ebru wa ku Istanbul, ankatulutsira maluwa ake. UNESCO idaika ebru pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2014.

Suminagashi siifuna zonsezi: madzi wamba, inki yakuda yopangidwa ndi mwaye yotchedwa sumi, ndi mizere yozungulira imene mumangoiuzira ndi pakamwa. Njotsika mtengo, mutha kuyamba lero lomwe, koma duwa simungalijambule chifukwa madzi osalimba sasunga utoto malo amodzi. Ine bola ndipirire fungo la ndulu.