Bokosi loteteza pampu ya nsomba ndi masamba: mmene lakhalira patapita miyezi

Mnzanga wina amene wayamba kuweta nsomba n'kumadzala masamba m'madzi omwewo, zija amati aquaponics, wandifunsa ngati ndikulikondabe bokosi loyang'anira pampu lomwe ndinkalitama nditangoligula chaka chatha. Funsoli landipeza nditangogula pampu ina, yoyamba ija itapsa, ndiye mundimvetse ngati mawu ena atuluke owawa.

Kwanga madzi amachoka m'thanki ya nsomba n'kulowa m'mabedi a miyala momwe ndimadzalamo masamba. Bedi likadzaza, siphon, paipi yomwe imayamba yokha kukoka madzi, imawakhuthulira onse m'thanki yapansi, pampu ya mawati 60 n'kuwakwezanso kwa nsomba. Bokosilo ntchito yake ndi kuzimitsa pampu madzi akachepa m'thanki yapansiyo, kuliza alamu, ndi kupatsa nsomba mpweya magetsi akathima.

Timer yake sinasokonezepo nthawi. Alamu imalira mokweza ndithu. Chozimitsa chija chomwe chimadula magetsi akayamba kuthawira m'madzi, cha 30 mA, chimagwira nthawi zonse ndikadina batani loyesera.

Mbali ya mpweya ndiyo ndilibe nayo mawu. M'katimo muli relay, ka switch kolumikiza kapena kudula magetsi popanda munthu kudina, yomwe imagwiridwa ndi magetsi a m'nyumba. Akangothima imamasuka yokha n'kulumikiza batire ya 12V ku kapampu ka mpweya. Palibe choti chiganize kapena choti chidikire, kuthima kwa magetsiko ndiko kumayatsa. Kapampuko ndi ka mawati 5, batire ndi ya 7Ah, ndiye kamatha maola pafupifupi 8 batire isanatsike kupitirira theka, pomwe batire zamtunduwu zimayamba kuonongeka. Maola amenewo si ochepa. Madzi a madigiri 30 amasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 7.5 pa lita, pamene a madigiri 20 amasunga 9, ndipo nsomba zambiri zimafuna asatsike pansi pa 5. M'thanki yodzaza nsomba, nyengo yotentha, zimayamba kuyasamula pamwamba pa madzi pasanapite nthawi. Zanga sizinayasamulepo. Mukanandifunsa tsiku limene ndinadzuka n'kupeza magetsi anathima usiku wonse koma thovu likubwadamukabe m'thanki, ndikanapereka nyenyezi zonse zisanu.

Tsono float switch. Ndi kamphete ka pulasitiki kokhala ndi maginito, koyandama pa kamtengo. Madzi akatsika kamatsika nawo n'kuuza relay ina kuti idule pampu. Anaika imodzi yokha, ndipo malo ozimitsira pampu ndi omwewonso oyatsira. Madzi m'thanki yapansi sakhala bata. Bedi likamadzaza amatsika kufika pafupi ndi kamphete, siphon ikakhuthula amagavira. Pa mphindi zimenezo mumamva bokosi likuti tche, tche, tche, pampu ikudzuka ndi kugona kangapo musanamalize kunena chiganizo. Ndinauza ogulitsa mwezi woyamba womwe, iwo akuti ndi mmene limagwirira ntchito.

Panalinso nkhono zing'onozing'ono ndi ndere zomwe zinkamata pa kamtengoko mpaka kamphete kukakamira m'mwamba. Izo ndinazizolowera, ndinkangotsuka ndi kamswachi sabata iliyonse.

Chimene chinapha pampu ndi tche tche uja. Mizu ya tomato inatseka potulukira madzi pa bedi limodzi, madzi n'kuyamba kusefukira pansi. Thanki yapansi inaphwa, kamphete kanatsika bwinobwino, alamu inalira m'nyumba mopanda munthu, koma pampu sinazime. Pampu zomizidwazi zimazizira ndi madzi omwe zikukankhawo, ndiye yopanda madzi imangotentha mpaka kufa. Pobwera ndinalandiridwa ndi fungo la pulasitiki wopsa. Nditatsegula relay ndinapeza tizitsulo tiwiri togundana tija tada bii, tamatirirana ngati wachita kuwotcherera, moti ndi sikuludiraiva yomwe sitinalekane msanga. Mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kuposa ikamayenda, ndipo ikamadulidwa pamatuluka kamoto pakati pa tizitsuloto. Kamoto kameneko, kambirimbiri pa tsiku kwa miyezi, ndiko kanachita zimenezi.

Chomwe chimandipweteka n'choti pa bokosi analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti chilichonse chikaonongeka, zinthu zimatsalira kotetezeka. Ku mbali ya mpweya n'zoona. Waya wa float ukaduka n'zoonanso, ndinayesa kuuzula, pampu inazima. Koma relay ya pampu ikafa imafa itayatsa, ndipo kumbuyo kwake kulibe china choti chidule magetsi. Nsomba zinapulumuka chifukwa thanki yawo imatulutsira madzi pamwamba, singaphwe. Mabedi ndiwo anauma, ndipo patapita masiku angapo amoniya, poizoni wochokera m'zonyansa za nsomba, anakwera chifukwa mabakiteriya ena a m'miyala omwe amamuchotsa m'madzi anali atafa. Ndinasiya kudyetsa nsomba mpaka madzi anakhazikika.

Ogulitsa poyamba anati pampu yanga ndi yaikulu. Ndinawatumizira chithunzi cha relay yawo yomwe, polembedwa 10A, kutanthauza maampeya 10, ndi cha pampu yomwe sikoka ngakhale ampeya imodzi. Anakhala chete sabata yathunthu. Kenako anapempha vidiyo ya vutolo, ngati kuti pampu yopsa ingapsenso kachiwiri kuti aone. Pamapeto pake anatumiza relay ina, yofanana ndendende ndi yakufayo, ndalama yotumizira n'kulipira ine. Za pampu akuti waranti yawo imathera pa bokosi. Nditawakumbutsa uthenga wanga wa mwezi woyamba uja mawu anafewa, analonjeza kundibwezera theka la mtengo wa pampuyo.

Panopa ndinakonza ndekha. Ndinaika ma float awiri, wapansi wozimitsa ndi wapamwamba woyatsa, kuti pampu ikazima isadzuke mpaka madzi atakwera ndithu. Onse ali m'kati mwa paipi yoboolaboola kunsi kuti mafunde asawafike, ndipo relay ya m'bokosi tsopano imangolamula contactor, relay yaikulu ndi yolimba, yomwe ndiyo imanyamula pampu. Tche tche anatha. Zonsezi ndi zinthu zotchipa zoti opanga akanaikiratu.

Ndikawerengera, bokosilo ndinaligula pa mtengo wa mapampu atatu, landidyera imodzi, kuonjezapo contactor ndi float. Chomwe chandigwirira ntchito mosakayikitsa, relay ya mpweya ndi batire yake, chimagulitsidwa pachokha pa mtengo wotsika kwambiri. Mnzangayo ndamuuza ayambe wagula chimenecho, ndipo akafuna bokosi lonse afunse kaye ogulitsa, molemba, kuti relay ya pampu ikamatirira chimadula magetsi n'chiyani. Ine lero ndikupereka nyenyezi ziwiri. Theka la ndalama ya pampu lija likalowa ndidzaonjeza yachitatu, koma mwezi watha tsopano ndipo uthenga wanga womaliza sanauyankhe.