Mafulakishoni: kufananitsa nambala zapansi kapena kuchulukitsa mopingasa?

Makolo anzanga a ku Mufakose ndi Mbare mumzinda wa Harare amene ana anu akukonzekera mayeso a Giredi 7 a ZIMSEC (bungwe loona za mayeso ku Zimbabwe), funso loti chachikulu n'chiti pakati pa 3/4 ndi 5/6 limayankhidwa m'njira ziwiri.

Yoyamba, mwana apeze nambala yomwe 4 ndi 6 zimalowamo popanda chotsala, ndiyo 12. Apo 3/4 isanduka 9/12, ndipo 5/6 isanduka 10/12. Yachiwiri, achulukitse mopingasa, nambala yapamwamba ya fulakishoni iliyonse ndi yapansi ya inzake: 3 × 6 = 18 ya 3/4, 5 × 4 = 20 ya 5/6. Mbali yomwe yatulutsa 20, ya 5/6, ndiyo yaikulu.

Pa liwiro, yopingasa ilibe inzake.
Yofananitsa imachedwa, makamaka ngati matebulo sanakhazikike m'mutu.

Koma mtima wanga uli pa kumvetsa. Mdzukulu wanga ankaumirira kuti 1/8 imaposa 1/4 poti 8 ndi yaikulu. Ndinamupatsa mapepala awiri ofanana, lina apinde panayi, lina pasanu ndi patatu. Anayang'anitsitsa tizigawoto, kenaka anati, "Agogo, tikachuluka timachepa!" Yofananitsa imamanga pa nzeru imeneyo. Yopingasa, mwana amatha kukhoza osadziwa chifukwa chake, mawa n'kuiwala.

Akauzidwa kusanja 2/3, 3/4 ndi 5/8, yofananitsa imatha kamodzi: pansi 24, pamwamba 16, 18 ndi 15.
Yopingasa imafuna kutenga awiriawiri, ndipo mwana amasokonezeka.

Amene akuyamba kumene, muyambitseni ndi yofananitsa. Adzaifunanso pophatikiza ndi pochotsera. Yopingasa musungireni amene wamvetsa kale, azitsimikizira yankho nthawi ikamuthera m'mayeso.